William Carey, Wosoka Nsapato wa ku Hackleton

M'dziko la England, m'dera la Northamptonshire, muli mudzi waung'ono dzina lake Paulerspury. Kumeneko anabadwa William Carey pa 17 August 1761. Atate wake, Edmund Carey, anali woomba nsalu, ndipo pambuyo pake anakhala mphunzitsi wa sukulu ya m'mudzimo. Mnyamatayo anakonda mbewu ndi mbalame ndi tizilombo ta m'thengo, nafuna kukhala mlimi. Koma anali ndi nthenda ya pakhungu, imene inamuwawa koopsa akakhalitsa padzuwa. Atayesa ntchito ya kumunda zaka ziwiri anailephera. Potero atate wake anamfunira ntchito ya m'nyumba, nampereka kwa Clarke Nichols, mmisiri wosoka nsapato wa ku Piddington. Pamenepo anali wa zaka ngati 14.

Masiku amenewo ku England munthu sanangodzitcha yekha mmisiri. Atate a mwana ndi mmisiri analemberana pangano, kawirikawiri la zaka 7. Mwanayo anachoka kwao, nagona m'nyumba ya mbuye wake, nadya chakudya chake. Malipiro analibe, ndipo sanaloledwe kukwatira kapena kuchoka zisanathe zakazo. Mbuyeyo naye analonjeza kusam'bisira kanthu ka luso lake. Wophunzira nsapato anayamba ndi zazing'ono: kusesa, kupaka phula paulusi, kunyika chikopa ndi kuchisinja ndi nyundo pamwala wosanjika pamiyendo. Manja atazolowera, ndipo anampatsa lisungulo kuti aboole ndi kusoka. Koma mpeni wodulira chikopa unachedwa kufika m'dzanja lake, pakuti chikopa ncha mtengo wapatali, ndipo chikadulidwa molakwa sichibwereranso.

M'nyumba ya Nichols munalinso wophunzira wina, dzina lake John Warr, wa gulu la Akhristu osapemphera m'Mpingo wa England. Carey, mwana wa m'Mpingowo, anawapeputsa anthu otere. Anyamata awiriwo anatsutsana za chipembedzo tsiku ndi tsiku, manja ali pantchito, ndipo Carey, pokhala wochenjera pakamwa, kawirikawiri anapambana. Koma mtima wake sunapume.

Chimene chinamtyola chinali sheleni imodzi. Pa nyengo ya Khirisimasi ophunzira ntchito ankalandira timphatso kwa amalonda ogulana ndi mbuye wao. Wogulitsa zitsulo wina anampatsa Carey sheleni, ndipo m'mene anafuna kugulira zinthu anaipeza kuti njachinyengo, yamkuwa. Tsono iye anatenga sheleni yabwino ya mbuye wake nalipira, naika yoipayo pa ndalama za mbuyeyo, natsimikiza mtima kunama kuti anampatsa yotero. Pobwerera kunyumba, alikupyola m'minda, anapempha Mulungu kuti amlekerere bodza limodzi ili lokha. Taonani pemphero lake la munthu wosadziwa Mulungu! Nichols sanakhulupirire, natuma wophunzira mnzake kukafunsa, ndipo chinyengo chinaululika. Manyazi anamgwira mnyamatayo kotero kuti anabisala kwa anthu masiku ambiri, poyesa kuti mudzi wonse wamva. Iye mwini anaisimba nkhani iyi atakula, osadzichepetsera mlandu. M'chaka cha 1779 anayamba kusonkhana ndi anzake a Warr ku Hackleton, anthu omwe aja anawapeputsa kale.

Pa mabuku ochepa a Nichols panali lina lomasulira Chipangano Chatsopano, ndipo m'menemo Carey anaona malemba achilendo amene sanathe kuwawerenga. Anawajambula papepala limodzi limodzi, napita nawo ku Paulerspury kwa Thomas Jones, woomba nsalu amene anaphunzira bwino paubwana wake. Ameneyo anamuuza kuti n'Chihelene, nayamba kumphunzitsa.

Nichols anamwalira mu 1779 pangano lisanathe, ndipo Carey anakalowa ntchito yolipidwa kwa Thomas Old wa ku Hackleton. Ena anena kuti anali mmisiri wosatha ntchito. Koma Old anasunga m'sitolo mwake nsapato zosoka Carey kuti zikhale chitsanzo cha ntchito yabwino, ndipo ife tiyesa umboni wa mwini ntchito uposa wa anthu akutali. Mu 1781 anakwatira Dorothy Plackett, mlamu wake wa Old. Zaka zotsatira zinali zowawa. Mwana wao woyamba anamwalira ndi malungo, ndipo nthenda yomweyo inamyeretsa Carey tsitsi, nakhala wadazi moyo wake wonse. Old atamwalira, ntchito yonse inagwera iye, pamodzi ndi mkazi wamasiye ndi ana ake. Anabatizidwa mumtsinje wa Nene pa 5 October 1783.

Mu 1785 anasamukira ku Moulton, kumene anaphunzitsa sukulu ndi kulalikira. Koma ndalama za mpingo sizinakwanire banja, ndipo lisungulo silinachoke m'dzanja lake. Anasoka nsapato za Thomas Gotch wa ku Kettering, nazisenza yekha pamsana kukapereka. Buku linali lotsegula patsogolo pake posoka, ndipo pakhoma anapachika mapu a dziko lonse, amene anawapanga polumikiza mapepala, nalembapo mitundu ya anthu ndi mapembedzedwe ao. Gotch, poona khama lake, anamuuza aleke nsapato, nampatsa masheleni 10 pa sabata kuti aphunzire zilankhulo.

Zotsalazo nzodziwika. Bungwe la Baptist Missionary Society linakhazikitsidwa ku Kettering pa 2 October 1792, ndipo Carey anafika ku Calcutta mu November 1793. Anakhala zaka 7 asanaone Mhindu mmodzi wobatizidwa. Mu 1800 anakhazikika ku Serampore pamodzi ndi Joshua Marshman ndi William Ward, mmisiri wosindikiza mabuku. Chipangano Chatsopano cha m'Chibengali chinatuluka mu 1801, ndipo Buku Lopatulika lonse linatha mu 1809. Podzifotokoza yekha sanadzitame nzeru. Ananena kuti mphatso yake ndiyo kukhoza kupitirira pang'onopang'ono pa ntchito imodzi osaleka.

Ku Serampore anatsamira pa amisiri ena ophunzira monga anaphunzirira iye. Panchanan Karmakar, wa banja la osula zitsulo, anadziwa kuzokota malemba a Chibengali pachitsulo, naphunzitsa mkamwini wake Manohar luso lomwelo. Pa 11 March 1812 moto unanyeketsa nyumba yosindikizira, ndi mapepala, ndi zolemba pamanja za zaka zambiri, ndipo malemba osindikizira anasungunuka. Koma pofukula m'phulusa anapeza zitsulo zozokota zija zili zamphumphu. Amisiri anatola mtovu wosungunukawo naumbanso malemba, ndipo Carey, wa zaka 50, anakhala pansi nayambanso kumasulira zimene zinapsa. Anamwalira ku Serampore pa 9 June 1834, osabwereranso ku England chichokere.