Frederick Lanchester

Frederick William Lanchester (23 Okutobala 1868 – 8 Marichi 1946) anali injiniya wa ku England yemwe anapanga imodzi mwa galimoto zoyambirira zoyendera petulo m'dziko la Britain. Pa nkhani za galimoto amakumbukiridwa kwambiri chifukwa cha mabuleki a disiki, omwe anawalembetsa m'dzina lake mu 1902. Analinso mmodzi mwa anthu oyamba kufotokoza mmene phiko limanyamulira ndege m'mwamba, ndipo anasiya masamu omwe asilikali amaphunzira mpaka lero. Nzeru zake zambiri zinafika dziko lisanakonzeke kuzilandira, ndipo sanalemere nazo. Mabuleki a disiki anatchuka mu 1953, iye atamwalira kale zaka 7.

Ubwana ndi maphunziro

Lanchester anabadwira ku Lewisham, mu mzinda wa London. Bambo ake, Henry Jones Lanchester, anali katswiri wojambula mapulani a nyumba, ndipo mayi ake, Octavia, ankaphunzitsa masamu ndi Chilatini. Ali wamng'ono banjali linasamukira kudera la Brighton. Anaphunzira ku Hartley Institution mu mzinda wa Southampton, kenaka anapeza mwayi wa maphunziro a sayansi ku Kensington, ku London, uku madzulo akupita ku Finsbury Technical College. Anasiya sukulu wopanda digiri.

Mu 1888 anayamba ntchito yojambula mapulani a makina a anthu ofuna kulembetsa zomwe atulukira. Kenaka analowa kampani ya Forward Gas Engine ku Saltley, mu mzinda wa Birmingham, yomwe inkapanga injini zoyendera gasi. Kumeneko anatulukira chipangizo cholizira injini zotere mosaopsa, pakuti kale ankaziliza pozunguza gudumu lalikulu ndi manja, ndipo anthu ankavulala. Mu 1893 anatula pansi udindo wake, mng'ono wake George n'kulowa m'malo mwake.

Galimoto zoyamba

Galimoto zambiri za nthawi imeneyo zinali ngolo za akavalo zongoikamo injini. Lanchester anakana njira imeneyi. Anayamba n'kuwerengera zomwe galimoto ikufunika, kenaka n'kupanga chiwalo chilichonse motsatira masamuwo. Galimoto yake yoyamba inamangidwa mu 1895 ndipo inayenda pamsewu kumayambiriro kwa 1896, lamulo la ku Britain likuletsabe galimoto kupitirira liwiro la mamailosi 4 pa ola. Injini yake inali ndi mashafiti awiri ozungulira mosemphana, kuti kugwedeza kwa imodzi kuthetsedwe ndi inzake. Pa nthawi yomwe galimoto zinkanjenjemera ngati chigayo, ya Lanchester inkayenda mosalala modabwitsa. Masipuling'i ake anawachuna kuti galimoto izinyang'ama mofanana ndi mmene thupi la munthu limachitira poyenda pansi, poganiza kuti ndiko kugwedezeka komwe thupi linazolowera.

Mu Disembala 1899, iye ndi abale ake George ndi Frank anakhazikitsa Lanchester Engine Company, fakitale yake ili ku Sparkbrook, ku Birmingham. Mmodzi mwa ogula oyamba anali mlembi wotchuka Rudyard Kipling. Lanchester ankaumirira kuti sipeya aliyense azipangidwa mu muyezo umodzi, kuti azilowa m'galimoto iliyonse ya mtunduwo popanda kupala, chinthu chomwe mafakitale ambiri a ku Britain anali asanachiyambe.

Mabuleki a disiki

Ntchito ya buleki ndi kusandutsa liwiro kukhala kutentha. Galimoto ikamathamanga imakhala ndi mphamvu, ndipo kuti iime mphamvuyo iyenera kupita kwina. Imapita mu chitsulo chomwe chikukhudzana ndi chinzake. Liwiro likawirikiza kawiri, kutentha koyenera kutayidwa kumawirikiza kanayi. Choncho buleki yabwino si yogwira mwamphamvu chabe, koma yotha kutaya kutenthako msanga.

M'chaka chomwecho cha 1902, Louis Renault wa ku France anabweretsa mabuleki a dilamu, omwe anadzalamulira galimoto kwa zaka 50. Dilamu ndi chitsulo chooneka ngati poto, chozungulira limodzi ndi gudumu, ndipo mkati mwake muli zidutswa ziwiri zokhota zomwe zimakankhira kunja dalaivala akaponda buleki. Vuto lake ndi lakuti kutentha kumatsekeredwa mkati. Dilamu ikatentha imafutukuka n'kutalikirana ndi zidutswa zija, chopondera chimalowa pansi kwambiri, ndipo galimoto imangopitabe. Madalaivala a malole otsika ku Chiweta pa msewu wa M1, ku Khwekhwelere pakati pa Dedza ndi Golomoti, kapena pa msewu wa M18 wochoka ku Kasungu kutsetserekera kunyanja ku Nkhotakota, amalidziwa fungo la mabuleki opsa, ndipo n'chifukwa chake amaphunzitsidwa kutsika ndi giya yotsika m'malo modalira phazi.

Lanchester anaganiza mosiyana. Buleki yake inali chimbale chachitsulo chafulati, chomwe chinkapanidwa mbali zonse ziwiri monga munthu amapanira mbale pakati pa zala. Chimbalecho chili pamtetete, mphepo imachiziziritsa, ndipo chikatentha sichithawa zopanira zake. Madzi ndi matope zimathothoka zokha chikamazungulira. Lanchester sanali woyamba kuganizira za chimbale, pakuti Elmer Sperry wa ku America anayesapo china chake pa galimoto yamagetsi mu 1898, koma buleki ya Lanchester ndi yomwe ikufanana ndi ya masiku ano.

Inalephera komabe. Zopanira zake zinali za mkuwa, ndipo mkuwa ukakhuzana ndi chitsulo unkalira mokwiyitsa. Misewu yambiri inali yafumbi, ndipo fumbi ndi mchenga zinkadya mkuwawo msanga. Mapadi opirira kutentha anali asanafike. Herbert Frood, yemwe anayambitsa kampani ya Ferodo, anayamba kugwiritsa ntchito asibesitosi patapita zaka zingapo. Panalinso vuto la mphamvu. Dilamu imadzithandiza yokha, chifukwa kuzungulira kwake kumakoka chidutswa chija kuti chigwire kwambiri, pomwe disiki imafuna kupanidwa ndi mphamvu yaikulu yochokera kwa dalaivala. Mphamvu yotere inadzapezeka ndi mabuleki oyendera mafuta m'mapaipi, omwe Malcolm Loughead anawalembetsa ku America cha m'ma 1917, ndipo anayamba kuoneka pa galimoto za Duesenberg mu 1921. Komanso, kunena zoona, galimoto za mu 1902 sizinkathamanga kufika potenthetsa dilamu. Lanchester anathetsa vuto lomwe anthu anali asanakumane nalo.

Kuchoka mu kampani yake

Kampaniyi inali ndi galimoto zabwino koma ndalama zochepa. Mu 1904 inagwa, n'kukonzedwanso pansi pa dzina la Lanchester Motor Company, ndipo eni ndalama anayamba kumuchepetsera mphamvu. Lanchester sanali munthu wopirira anthu omwe ankawaona kuti sakumvetsa, ndipo ubale wake ndi akuluakulu a kampani sunali wabwino. Kuyambira 1909 anakhala mlangizi wa kampani ya Daimler ku Coventry, ndipo pang'onopang'ono ntchito ya galimoto za Lanchester inatsalira George. Pa zaka zimenezi anatulukira chipangizo chochepetsa kupotokola kwa shafiti yaikulu ya injini, komanso mashafiti othetsa kugwedeza, omwe injini zambiri za masilinda anayi zimagwiritsabe ntchito.

Ndege ndi masamu a nkhondo

Lanchester anayamba kufufuza za kuuluka ndege isanakhalepo. Mu 1894 anakamba za nkhaniyi pamaso pa bungwe la asayansi ku Birmingham, koma mu 1897 bungwe la Physical Society ku London linakana kusindikiza pepala lake. Anadikira zaka 10. Mabuku ake awiri, Aerodynamics la mu 1907 ndi Aerodonetics la mu 1908, anafotokoza kuti mpweya umazungulira phiko, ndipo kunsonga kwa phiko kumabadwa timikuntho tomwe timakokera ndege m'mbuyo. Ankalemba movuta, ndi mawu opanga yekha, ndipo akwawo sanamulabadire kwenikweni. Ludwig Prandtl wa ku Göttingen, ku Germany, ndiye anaika nzeruyi m'masamu omveka, ndipo lero imatchedwa ndi maina a onse awiri.

Mu 1916, nkhondo yoyamba ya dziko lonse ili mkati, anatulutsa buku la Aircraft in Warfare. M'menemo anaonetsa kuti pa nkhondo ya mfuti, pomwe aliyense angathe kuombera mdani aliyense, mphamvu ya gulu imakula mofanana ndi chiwerengero chake chochulukitsidwa ndi chiwerengero chomwecho. Asilikali 1,000 akakumana ndi 500 a zida zofanana, opambana satsala 500 ayi, koma pafupifupi 866.

Ukalamba ndi imfa

Anakwatira Dorothea Cooper mu 1919, ndipo analibe ana. Mu 1922 anasankhidwa kukhala membala wa Royal Society, ndipo mu 1931 analandira mendulo ya Daniel Guggenheim chifukwa cha ntchito yake pa za ndege. Ulemu unabwera, ndalama ayi. Kampani yomwe anatsegula mu 1925, Lanchester Laboratories, yomwe inkapanga masipika ndi zipangizo za wailesi, inagwa pa mavuto a chuma a m'ma 1930, ndipo inatsekedwa mu 1934. Anadwala matenda a Parkinson, maso anayamba kuchita khungu, ndipo munthu amene anathandiza kuyambitsa ntchito yopanga galimoto ku Britain anafika polephera kukhala ndi galimoto yakeyake. Pa zaka zomaliza ankathandizidwa ndi anzake a m'makampani a galimoto. Mu 1945 analandira mendulo ya James Watt, ndipo anamwalirira kunyumba kwake ku Moseley, ku Birmingham, pa 8 Marichi 1946.

Mabuleki a disiki iye atamwalira

Zomwe zinadzutsa disiki ndi ndege, zomwe zinkatera pa liwiro lalikulu ndipo zinkafunika kuima pa bwalo lalifupi. Kampani ya Dunlop, yomwe inkapanga mabuleki a ndege, inagwirizana ndi Jaguar kuwayesa pa galimoto yampikisano ya C-type. Mu 1952 Stirling Moss anapambana nayo ku Reims, ku France. Mu 1953, pa mpikisano wa maola 24 wa Le Mans, Tony Rolt ndi Duncan Hamilton anapambana pa liwiro la pafupifupi makilomita 170 pa ola, ndipo galimoto za Jaguar zinatenga malo oyamba, achiwiri ndi achinayi. Ferrari inali ndi injini zazikulu, koma kumapeto kwa msewu wautali wa Mulsanne madalaivala a Jaguar ankachedwa kuponda buleki, usiku wonse, mabuleki osafooka. Citroën DS inatuluka ndi madisiki mu 1955, Triumph TR3 mu 1956, Jaguar XK150 mu 1957.

Galimoto zothamanga zomwe zinapangidwa kusinthaku kusanafike, monga MGA yoyamba ya mu 1955 ndi Austin-Healey 100, zinatuluka ndi madilamu kumagudumu onse. Eni ake ambiri lero amazitengera ku mabwalo a mpikisano pa masiku omwe anthu wamba amaloledwa kuthamangitsa galimoto zawo, ndipo kumeneko vuto la kutentha limaonekera pakangotha maulendo ochepa ozungulira bwalo. Ambiri amachotsa madilamu akutsogolo n'kuikapo madisiki ochokera ku mtundu wotsatira wa galimoto yomweyo, monga MGA 1600 ya mu 1959. Amayambira kutsogolo chifukwa poima kulemera kwa galimoto kumathamangira kumeneko.

Disiki payokha sikwanira. Mafuta a mabuleki amayamwa chinyezi. A mtundu wa DOT 4 akakhala atsopano sayenera kuwira pansi pa madigiri 230, koma akamwa madzi muyezowo umatsika kufika 155. Akawira, m'mapaipi mumalowa nthunzi, ndipo chopondera chimangolowa mpaka pansi. N'chifukwa chake odziwa amayamba n'kusintha mafutawa, kuika mapadi opirira kutentha, ndi kutsegulira mphepo njira yofika pa disiki, asanagule zitsulo zikuluzikulu. Buleki yaikulu sifupikitsa mtunda woimira ngati matayala akutsetsereka kale. Phindu lake ndi lakuti kuima kwa ka 20 kumafanana ndi koyamba. Kulimbitsa mbali imodzi osaganizira inzake kulinso ndi ngozi yake: magudumu akumbuyo akayamba kugwira akutsogolo asanagwire, galimoto imatembenuka. Pa mipikisano yeniyeni ya galimoto zakale, malamulo nthawi zambiri salola disiki pa galimoto yomwe m'nthawi yake inalibe.

Ku Malawi disiki ili ponseponse: kutsogolo kwa minibasi ndi galimoto zing'onozing'ono, pa njinga zamoto zambiri za kabaza, ngakhale pa njinga zina zakapalasa. Malole akuluakulu ambiri akadali ndi madilamu.

Dzina lake

Kampani ya Lanchester inagulidwa ndi BSA mu 1931, ndipo galimoto zake zinayamba kupangidwa ndi Daimler ku Coventry mpaka m'ma 1950. Mu 1960 Jaguar inagula Daimler, ndipo dzina la Lanchester linagwera m'manja mwa kampani yomwe inatchukitsa mabuleki a disiki. Sukulu ya Lanchester Polytechnic, yomwe inakhazikitsidwa mu 1970, ndiyo inadzakhala Coventry University mu 1992. Laibulale ya yunivesiteyi imatchedwa ndi dzina lake, ndipo imasunga makalata, mapulani ndi mabuku omwe ankalembamo ndi dzanja.