Hamilton Naki: Wa M'galadeni Amene Anaphunzitsa Madokotala

Pa 3 December 1967, Dr Christiaan Barnard ndi anzake pa chipatala cha Groote Schuur ku Cape Town anachotsa mtima wa Denise Darvall, mtsikana wa zaka 25 amene anagundidwa ndi galimoto, n'kuuika m'chifuwa cha Louis Washkansky. Aka kanali koyamba padziko lonse kuti munthu apatsidwe mtima wa munthu mnzake. Washkansky anakhala masiku 18 okha, kenaka anamwalira ndi chibayo chifukwa mankhwala oletsa thupi kukana mtima wachilendowo anafooketsa chitetezo cha m'thupi mwake. Dzina la Barnard linamveka paliponse, koma la Hamilton Naki, amene ankagwira ntchito m'chipinda chofufuzira cha yunivesite ya Cape Town, linabisika kwa zaka zambiri.

Naki anabadwa mu 1926 m'mudzi wa Ngcingane, m'dera la Centani ku Eastern Cape. Sukulu anailekeza ku pulayimale chifukwa cha umphawi. Monga momwe agogo athu ambiri ankapitira ku Joni kukasaka ntchito, iye anapita ku Cape Town ali ndi zaka pafupifupi 14. Kumeneko analembedwa ntchito yosamalira kapinga ndi mabwalo a tenisi pa yunivesiteyo.

Cha m'ma 1950, Robert Goetz, dokotala wochita kafukufuku, anamuitana kuti azithandiza kusamalira nyama zoyesererapo. Goetz ankafufuza momwe magazi amayendera m'thupi la nyamalikiti, nyama imene imaweramitsa khosi lalitali kukamwa madzi koma osakomoka. Naki anayamba ndi kuyeretsa makola. Poonerera, anaphunzira kugoneka nyama ndi mankhwala, kung'amba, ndi kulumikiza timitsempha ting'onoting'ono ta magazi. M'kupita kwa nthawi anakhala katswiri woika chiwindi cha nkhumba ina mwa nkhumba inzake, opaleshoni yovuta chifukwa chiwindi chimataya magazi ambiri. Kafukufuku wa pa nyama ndiye ankatsegula njira madokotala asanakhudze munthu.

Madokotala achinyamata ambiri anaphunzira kusoka mitsempha ataima pambali pake. Barnard mwiniwake, atakalamba, anavomereza poyera kuti Naki anali ndi luso lalikulu la manja. Komabe malamulo a tsankho sankalola munthu wakuda wopanda mapepala kukwera patali. Ankakhala m'kanyumba kakang'ono ku Langa, ndipo atapuma pa ntchito mu 1991 ankalandira penshoni yochepa kwambiri. Ulemu unabwera mochedwa: mendulo ya Order of Mapungubwe mu 2002, ndi digiri yaulemu ya yunivesite ya Cape Town mu 2003. Anamwalira pa 29 May 2005.

Atamwalira, nyuzipepala zina zikuluzikulu zinalemba kuti iye ndiye anachotsa mtima wa Darvall mwachinsinsi usiku uja. Nkhaniyi inakoma m'makutu mwa ambiri, koma inalibe umboni. Amene analipo anaitsutsa, ndipo magazini ya The Economist inabweza zimene inalembazo. Naki sankachita opaleshoni pa anthu. Ntchito yake inali pa nyama ndi pa kuphunzitsa.

Lamulo lachisanu ndi chinayi limaletsa umboni wonama, ngakhale wokometsera munthu amene timamukonda. Kumuwonjezera Naki zimene sanachite n'kunena kuti zimene anachitadi zinali zosakwanira, pamene zinali zazikulu kale. Ndipo kwa ife amene tikukonzekera uphunzitsi kapena ntchito ya chipatala ngati ya ku Malamulo, funso ndi ili: ndi ana angati a anthu othyola tiyi kuno ku Thyolo amene asiya sukulu ali ndi manja ndi nzeru ngati za Naki? Iye anapeza mwayi chifukwa munthu mmodzi anaona luso mwa wantchito wa m'galadeni n'kumulowetsa m'kati. M'kalasi iliyonse imene tidzaimirire kutsogolo mudzakhala mwana wovala zong'ambika, wokhala kumbuyo, amene akudikira kuti wina amuone chimodzimodzi.