Mbiri ya Alexander Fleming

Wophunzira, ukadzalandira penisilini kuchipatala cha Mua, kufupi ndi Mtakataka, udzakumbukire Alexander Fleming. Iyeyu anabadwira ku Scotland mu 1881. Mu 1928, akugwira ntchito pachipatala cha St Mary's ku London, anaona kuti chuku chomwe chinamera m'kambale kake kofufuzira chinkapha mabakiteriya. Penisilini anachokera pamenepo.

Polandira mphoto ya Nobel mu 1945, anachenjeza kuti mankhwala operewera adzachititsa tizilombo kusamvanso mankhwalawo. Anamwalira mu 1955.

Sananame ayi. Lero mabakiteriya a m'matumbo amapatsirana mphamvu yokana mankhwala ndi anzawo a m'madzi ndi m'dothi, makamaka komwe anthu amadzithandizira patchire. Tsono mankhwala uzimwa monga wanenera dokotala, osagawirako mnzako.

Funso: Fotokoza chenjezo la Fleming.