John Vane, katswiri amene adavumbula chinsinsi cha asipirini

Mlimi wa m'mapiri a Dowa akatupa bondo, kapena wamalonda wa pa Mponela akagwidwa ndi litsipa, kawirikawiri amathamangira kugolosale kukagula asipirini. Kampani ya Bayer idayamba kugulitsa mapiritsi amenewa m'chaka cha 1899, komabe padapita zaka zoposa 70 madokotala enieniwo asakudziwa momwe amathetsera ululu. Amene adamasula mfundoyi ndi malemu Sir John Vane a ku England.

A Vane adabadwa pa 29 Malichi 1927 m'mudzi wa Tardebigge ndipo adakulira mumzinda wa Birmingham. Ali ndi zaka 12, makolo awo adawagulira zida zoyesera mankhwala. Tsiku lina zosakanizazo zidaphulika m'khitchini, choncho bambo awo adawamangira kachisakasa kuseri kwa nyumba. Atamaliza maphunziro pa yunivesite ya Birmingham, adapita ku Oxford kukazama pa momwe mankhwala amagwirira ntchito m'thupi.

Ntchito yawo yaikulu adaichita ku Royal College of Surgeons mumzinda wa London. M'chaka cha 1971, atapera mapapo a mbira n'kuthiramo asipirini, adapeza kuti mankhwalawa amaletsa thupi kupanga timadzi totchedwa prostaglandin.

Timadzi timeneti timachokera ku mafuta. Selo iliyonse ili ndi khungu la mafuta, ndipo munthu akavulala kapena tizilombo tikalowa, maselo a pamalopo, kuphatikizapo maselo oyera a m'magazi omwe ndi asilikali a thupi, amatapa mafutawo n'kuwasandutsa prostaglandin. Iyeyu amakhala ngati mfuu ya pamudzi: amatambasula mitsempha ya magazi, amathandiza madzi ndi asilikali ena kukhamukira pachilondapo, ndipo amachititsa minyewa kumva ululu msanga. Apa ndi pamene pamachokera kutupa, kutentha ndi kuwawa.

Koma prostaglandin yemweyo ndiye amateteza khoma la chifu ku asidi. N'chifukwa chake womwa asipirini kapena bulufeni kwa nthawi yaitali popanda uphungu wa dokotala angathe kudwala zilonda za m'mimba.

Atasamukira ku Wellcome Foundation, gulu lawo lidatulukira prostacyclin mu 1976, timadzi tina ta mtundu womwewo toletsa magazi kuundana. Mu 1982 adalandira mphoto ya Nobel limodzi ndi a Sune Bergström ndi a Bengt Samuelsson a ku Sweden, ndipo mu 1986 adakhazikitsa William Harvey Research Institute.

A Vane adamwalira pa 19 Novembala 2004 ali ndi zaka 77. Adasiyira dziko phunziro loyenera kulikumbukira pakauntala ya golosale: piritsi limene latontholetsa bondo lachotsanso mlonda wa chifu.