Rabi Yoel Sirkis ndi Mlandu wa Chotupitsa pa Paskha

Mwa aphunzitsi a malamulo a Chiyuda amene dziko la Poland linabala, dzina la Rabi Yoel Sirkis silidzaiwalika msanga. Iye anabadwira mumzinda wa Lublin m'chaka cha 1561, ndipo atakula anatumikira monga rabi, ndiko kuti mphunzitsi ndi woweruza milandu, m'malo ambiri monga ku Belz ndi ku Brest. M'chaka cha 1619 anaitanidwa ku Kraków kukakhala mkulu wa bwalo la milandu la Ayuda, nakhala komweko kufikira imfa yake m'chaka cha 1640. Buku lake lalikulu, Bayit Chadash, kapena kuti Nyumba Yatsopano, limamasulira malamulo amene Rabi Jacob ben Asher anasonkhanitsa, ndipo m'buku limeneli ndimo muli chiweruzo chimene chinamtchukitsa pakati pa anthu wamba.

Mlandu wake unali wotere. Chilamulo cha Mose chimaletsa Myuda kukhala ndi chotupitsa m'nyumba mwake pa masiku a Paskha, ndipo chotupitsa si mkate wokha ayi, koma chilichonse chochokera ku tirigu, barele ndi mbewu zina zotere chimene chasasa. Aphunzitsi akale anaonjezapo kuti chotupitsa chimene Myuda wachisunga pa Paskha sichidyedwanso, ngakhale kugulitsidwa, masikuwo atapita. Komabe analola kuti munthu achigulitse kwa wina amene sali Myuda ndi kuchiombola pambuyo pake, malinga kugulitsako kukhale koona. Mwambo wake unali wakuti katunduyo atuluke m'nyumba ya mwini.

Tsono m'masiku a Sirkis, Ayuda ambiri a ku Poland ankadya za malonda a mowa waukali wotchezedwa ku mbewu, wonga kachasu, pakuti eni minda ankawabwereketsa nyumba zotchezera ndi zogulitsira mowawo. Kusamutsa migolo yonse chaka ndi chaka kunali kosatheka. Kuitaya kunali kupha banja ndi njala. Kuisunga kunali kuswa lamulo.

Sirkis sanafafanize lamulo, ndiponso sanatsinzine pa umphawi wa anthu ake. Anaweruza kuti wamalonda agulitse mowawo pamodzi ndi chipinda chimene ulimo, napereke mfungulo kwa wogulayo. Potero migolo siisuntha, koma imakhala m'malo a mwini watsopano, amene ali ndi mphamvu yolowamo ndi kutenga zake. Mfungulo ndiyo inali umboni wakuti malondawo si masewera.

Sikuti onse anakondwera nayo njira imeneyi. M'mibadwo yotsatira panali aphunzitsi amene anaiona ngati kuchenjerera lamulo, popeza wogulitsa ndi wogula amadziwa kuti katunduyo adzabwerera. Koma kudandaula kwaoko sikunathetse mwambowo, kunaukhwimitsa. Anayamba kulemba makalata a pangano, kulandira chikole, ndi kuika ndalama zotsala ngati ngongole yeniyeni. Pofika zaka za m'ma 1800 anthu anazolowera kupatsa rabi wao mphamvu yogulitsa m'malo mwa mudzi wonse, kuti munthu wosadziwa malamulo asalakwitse. Chomwecho chimachitika mpaka lero kulikonse kumene kuli Ayuda osunga mwambo, ndipo ku Israel akulu a arabi amagulitsa chaka chilichonse chotupitsa cha boma kwa munthu amene sali Myuda.

Aliyense wogwira ntchito ndi malamulo amadziwa kuti tsiku limafika pamene lamulo ndi moyo wa anthu ziombana. Wina amaumirira lemba nasiya anthu m'mavuto, wina amataya lemba kuti akondweretse anthu. Sirkis anafunafuna njira mkati mwa lamulo lomwelo, naimanga ndi zikhazikitso zakuti isasanduke bodza. Manda ake ali ku Kraków, m'manda akale a Remuh, ndipo mkamwini wake, Rabi David HaLevi Segal, anapitiriza ntchito yomasulira malamulo.