CHARLIE CHRISTIAN, MNYAMATA AMENE ANAKWEZA MAU A GITALA

Onse okonda nyimbo za jazi ayenera kudziwa mbiri ya Charlie Christian, munthu wakuda wa ku Amereka. Iye anabadwa pa 29 July, 1916, ku Bonham m'cigawo ca Texas, nakulira ku Oklahoma City. Atate wace anali akhungu, ndipo ankayenda ndi ana ao m'miseu kuimba nyimbo kuti apeze ndarama za cakudya.

Masiku amenewo gitala sinali kumveka m'magulu akuru a oimba, pakuti malipenga ndi ng'oma zinali kuiphimba mau. Nchito ya mwini gitala inali kungosunga mayendedwe a nyimbo ali kumbuyo. Christian anatenga gitala ya magetsi ya Gibson, yokhala ndi bokosi lokuza mau, nayamba kuiliza liu limodzi limodzi monga acitira woomba lipenga. Sanali woyamba kugwira gitala yotere, koma ndiye anaonetsa cimene ingathe kucita.

M'mwezi wa August, 1939, John Hammond, wofunafuna oimba aluso, anamuitanira ku Los Angeles kuti akaonane ndi Benny Goodman, Mzungu wochuka amene analemba nchito oimba akuda, monga Teddy Wilson ndi Lionel Hampton, pa nthawi ya tsankho lalikuru. Poyamba Goodman sanacite naye cidwi. Madzulo ace, pa nyumba yodyera ya Victor Hugo, anamuyesa ndi nyimbo ya Rose Room, poganiza kuti saidziwa. Mnyamatayo anaiimba mosinthasintha, osabwereza, kwa mphindi pafupifupi 40, ndipo nchito anaipeza usiku womwewo. Amene ankalandira madola awiri ndi theka pa usiku anayamba kulandira madola 150 pa sabata.

Ku New York, akaweruka kwa Goodman, Christian sanali kupita kukagona. Ankathamangira ku Minton's Playhouse, ku Harlem, kukaimba mpaka mbandakuca ndi Thelonious Monk ndi Kenny Clarke, amene anali kuyala maziko a maimbidwe atsopano ochedwa bebop. Thupi lace silinapirire, pakuti anali ndi cifuwa cacikuru. Pakati pa caka ca 1941, atangojambula nyimbo ya Solo Flight, anagonekedwa m'cipatala ca Seaview ku Staten Island, asanathe ndi zaka ziwiri zomwe kwa Goodman.

Anamwalira pa 2 March, 1942, ali ndi zaka 25. Anamuika ku Bonham, ndipo manda ace anakhala zaka zambiri opanda mwala wa cizindikiro.