Jan Oort ndi Mpweya Wodyetsa Milalang'amba

Usiku wopanda mwezi, makamaka mu June ndi July, timaona mzere wotuŵa ngati utsi utapingasa thambo. Umenewu ndiwo Mlalang'amba, khamu la nyenyezi zoposa 100 biliyoni, ndipo Dzuŵa lathu ndi imodzi mwa izo. Ana akatifunsa za mzerewu, ambiri a ife timayankha monga ngati ndi chinthu chimene chinatha kalekale kupangika. Moyo wa a Jan Hendrik Oort ukutiphunzitsa zina: mlalang'amba umadya, ndipo ukasoŵa chakudya umaleka kubala nyenyezi.

A Oort anabadwa pa 28 April 1900 m'tauni ya Franeker, m'dziko la Netherlands. Anaphunzira pa yunivesite ya Groningen, kumene mphunzitsi wawo, a Jacobus Kapteyn, anawakopa mtima kuti atsate maphunziro a zakuthambo. Mu 1924 anayamba ntchito ku Leiden, ndipo mu 1927 anatsimikiza kuti Mlalang'amba umazungulira. Koma panali chopinga chachikulu: fumbi limene lili pakati pa nyenyezi limatchinga kuŵala, kotero kuti mbali yaikulu ya Mlalang'amba sinkaoneka ngakhale ndi makina amphamvu oonera zakutali.

Nkhondo yachiŵiri ya dziko lonse itabuka, asilikali a Germany analanda dziko lawo. Mu 1942 a Oort anatula pansi udindo wawo posafuna kutumikira ulamuliro wa chipani cha Nazi, nakakhala kumudzi wa Hulshorst. M'zaka zoŵaŵitsa zomwezo anaŵerenga za Grote Reber wa ku America, amene anali atamva mafunde a wailesi ochokera mu Mlalang'amba. A Oort anazindikira kuti mafunde otere amapyola fumbi lija. Funso limene linawasautsa linali lakuti: kodi ulipo mpweya umene umatulutsa mafunde akeake, oti munthu nkuuzindikira nawo? Yankho analibe. Funsolo analipereka kwa Hendrik van de Hulst, mnyamata wophunzira ku Utrecht. Mu April 1944, ali ndi zaka 25, mnyamatayo anafotokoza kuti mpweya wa haidulojeni uyenera kutulutsa mafunde otalika masentimita 21. Mafundewo anamvekadi mu 1951, poyamba ku Harvard, kenaka kwa a Oort ndi a Muller ku Kootwijk, kumene anagwiritsa ntchito mbale ya radar imene asilikali a Germany anasiya.

Tsopano mpweya wosaoneka unayamba kuyezeka, pamodzi ndi liŵiro lake. Njira yake ana angaimvetse: kulira kwa galimoto kumamveka kokwera pamene ikubwera, ndi kotsika pamene yatipitirira. Mafunde a haidulojeni amasinthanso chimodzimodzi. Mu 1963, ndi mbale ya mamita 25 ya ku Dwingeloo, a Muller, a Oort ndi a Raimond anapeza mitambo ya haidulojeni imene sinkazungulira pamodzi ndi Mlalang'amba, ina ikuthamangira kwa ife pa liŵiro loposa makilomita 100 pa sekondi. A Oort anaganiza kuti uwu unali mpweya wotsalira kuchokera pa nthaŵi imene Mlalang'amba unkapangika, umene ukugwerabe mkati mwake.

Sanalondole zonse ayi. Pambuyo pake kunadziŵika kuti mpweya wina unachita kukokedwa kuchoka ku timilalang'amba tiŵiri toyandikana nafe, totchedwa Mitambo ya Magellan, ndipo wina unaponyedwa kunja ndi nyenyezi zophulika, tsono ukubwerera. Komabe mutu wa ganizo lawo unaima. Nyenyezi zimabadwa kuchokera mu mpweya wozizira, ndipo mlalang'amba wosalandira wina kuchokera kunja uli ngati nkhokwe imene eni ake amangotapamo osathiramo.

Ganizoli likulemera kwambiri tikayang'ana kutali. Popeza kuŵala kumatenga nthaŵi paulendo, milalang'amba yakutalitali timaiona monga inalili zaka 10 biliyoni zapitazo. Pa nthaŵiyo nyenyezi zinkabadwa mofulumira pafupifupi kakhumi kuposa lero, ndipo mpweya umene milalang'ambayo inali nawo sukanakwanira kwa nthaŵi yaitali. Masamu ochitidwa pa makompyuta akusonyeza kuti haidulojeni wozizira ankayenda m'mizere italiitali, akukokedwa ndi kulemera kwa mlalang'amba, monga mitsinje yothira m'nyanja. Mu 2014 akatswiri ogwiritsa ntchito makina a Keck ku Hawaii analengeza kuti aona mpweya wotere utaunikidwa ndi chinthu choŵala koopsa chotchedwa quasar, utatambalala mtunda woposa umene kuŵala kumayenda pa zaka 1 miliyoni. Izi a Oort sanazione. Anatsogolera malo ofufuzira zakuthambo a Leiden kuyambira 1945 mpaka 1970, namwalira pa 5 November 1992.

Nanga ife aphunzitsi titolepo chiyani? Tikamayendera ophunzira athu pamene akuyeserera kuphunzitsa, timaona kuti pafupifupi funso lililonse limene amafunsa ana ndi lija yankho lake ali nalo kale m'buku. Mwana akafunsa chimene mphunzitsi sachidziŵa, kaŵirikaŵiri amakalipiridwa kapena kuuzidwa kuti zimenezo sizibwera pa mayeso. Mwana wotere safunsanso, ndipo akuluakulu anati safunsa anadya phula. A Oort anali katswiri wodziŵika kale pamene anaulula umbuli wawo kwa mnyamata wasukulu, ndipo ulemu wawo sunachepe.

Choncho tikukupemphani kuti pokonza phunziro la sayansi muzisiyamo funso limodzi loti inu ndi ana mulifufuze pamodzi. Mungayambe ndi ili: auzeni ana akayang'ane mzere uja usiku wopanda mwezi, akajambule zigamba zakuda zimene zili mkati mwake, ndipo m'maŵa mwake muwafunse ngati m'zigambazo mulibedi nyenyezi, kapena pali china chimene chikuzibisa.